Ligi ikatuluka m'bungwe la dziko: zomwe zikuchitika mu hockey wa achinyamata ku Canada

Pa 1 Juni 2023, ligi ya achinyamata yotchedwa British Columbia Hockey League, mwachidule BCHL, inasiya kukhala pansi pa Hockey Canada, bungwe lomwe limayendetsa masewero a hockey m'dziko la Canada. Sinathamangitsidwe ayi. Eni matimu anakhala pansi, n'kuvota okha kuti atuluke. Patangopita miyezi 8, matimu asanu a m'chigawo choyandikana nacho cha Alberta anawatsatira sizoni ili mkati, ndipo mu 2024 momwemo ligi inanso ya pa chilumba cha Vancouver inalowera komweko.

Kwa ife amene tinakulira mu mpira wamiyendo, nkhani yotere imamveka yosatheka. Kuno SULOM imayendetsa ligi yaikulu koma ili pansi pa FAM, ndipo FAM nayo imayankha ku CAF ndi FIFA. Ligi itangoti yachoka ku FAM, osewera ake sangaitanidwenso ku Flames, oyimbira ovomerezeka sangapondenso m'mabwalo ake, ndipo palibe timu yakunja yomwe ingagule mwana wawo. Ingafe isanathe chaka. Nanga zatheka bwanji kuti ligi ya ku Canada ichite zimenezi mwadala, n'kupitirizabe kusewera, matimu ena n'kumaipempha malo?

Hockey wake uti, ndipo achinyamata ake ndi ati?

Tikunena hockey wa pa ayezi, wosiyana ndi wa pa kapinga amene timamuona ku Blantyre. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, amatsetsereka pa madzi oundana, ndipo amamenya ndi ndodo kalabala kolimba kaphwatalala kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo, kuphatikizapo goloboyi. Ku Canada awa ndiwo masewero a pamtima pa anthu.

Gawo lomwe amalitcha junior ndi la anyamata a zaka 16 mpaka 20. Pa msinkhu umenewu ambiri amachoka pakhomo pa makolo n'kukakhala m'tawuni ina, m'nyumba ya banja lomwe ladzipereka kuwasunga ngati ana awo. M'mawa amapita kusukulu, masana kukonzekera masewero, kumapeto kwa sabata amakwera basi maola ambiri m'chisanu kukasewera m'tawuni ina. Onse maso awo ali pa NHL, ligi yaikulu ya akatswiri yokhala ndi matimu 32 ku Canada ndi ku America. Chaka chilichonse matimu a NHL amasinthana kusankha anyamata amene akwanitsa zaka 18, pa mwambo wotchedwa draft. Ofika kumeneko ndi ochepa kwambiri, choncho funso lakuti mwana adzatani akalephera kufikako ndi lalikulu kwa kholo lililonse.

Mmene zinthu zinasanjidwira

Pamwamba penipeni pali IIHF, bungwe la hockey la dziko lonse lapansi lomwe likulu lake lili ku Zurich. Ku Canada limazindikira Hockey Canada, yomwe ili ndi nthambi 13 m'zigawo za dzikolo. Nthambi ya ku British Columbia imatchedwa BC Hockey. Ligi ikakhala yovomerezeka ndiye kuti inalembetsa kunthambi, imatsata malamulo a Hockey Canada, osewera ake amatetezedwa ndi inshuwalansi ya bungwelo, ndipo oyimbira ndi aphunzitsi ake anaphunzitsidwa komweko.

Kuyambira 1970, hockey wa achinyamata wapamwamba anagawidwa pawiri. Gulu loyamba limatchedwa Major Junior, ndipo lero ndi maligi atatu: WHL kumadzulo, OHL ku Ontario, ndi QMJHL ku Quebec ndi zigawo za kummawa. Atatuwa pamodzi amapanga Canadian Hockey League, kapena CHL, yomwe kwa zaka zambiri inali ndi matimu 60 ndipo amalimbirana chikho cha Memorial Cup. Gulu lachiwiri ndi Junior A, maligi a m'zigawo omwe mgwirizano wawo umatchedwa CJHL ndipo chikho chawo ndi Centennial Cup. BCHL, yomwe inayamba mu 1961 ndi matimu anayi a ku Kamloops, Kelowna, Penticton ndi Vernon, inali m'gulu lachiwirili.

Munthu angaganize kuti gulu lachiwiri ndi la otsalira. Sizinali choncho kwenikweni, ndipo chifukwa chake ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Mphanda ya pa zaka 16

Ku America kuli bungwe la NCAA lomwe limayendetsa masewero a m'mayunivesite. Mayunivesite opitirira 60 ali ndi matimu a hockey a amuna m'gawo lapamwamba, ndipo ambiri amapereka sikolashipu kwa osewera abwino. Mnyamata amaphunzira zaka zinayi, amasewera hockey wapamwamba, ndipo matimu a NHL amamuona bwinobwino. Akapanda kufika ku NHL, amatuluka ndi digiri.

Koma kwa zaka zambiri NCAA inkatenga CHL ngati ligi ya anthu olipidwa, popeza osewera ake amalandira kandalama ka m'thumba ndipo ena mwa iwo amakhala atasaina kale ndi matimu a NHL. Lamulo linali lokhwima: ukangosewera masewero amodzi mu CHL, ngakhale opimana mphamvu sizoni isanayambe, khomo la yunivesite ya ku America latsekeka.

Taganizirani mwana wa zaka 15 wa ku Saskatchewan yemwe timu ya WHL yamusankha. Iye ndi makolo ake akhala patebulo, pepala lili patsogolo pawo. Akasaina, alowa mu ligi yomwe imatulutsa osewera ambiri a NHL, ndipo CHL imalonjeza kumulipirira chaka chimodzi cha yunivesite ya ku Canada pa chaka chilichonse chomwe wasewera. Akakana, ayenera kupeza kwina kosewera kwa zaka ziwiri kapena zitatu mpaka yunivesite ya ku America itamutenga. Chisankho chokhudza moyo wake wonse chinkagwa pa mwana yemwe sanamalize n'komwe sekondale, ndipo akasankha panalibe kubwerera. Ine ndimaona kuti katundu ameneyu anali wolemera kwambiri pa msinkhu wotere.

Amene ankasankha yunivesite ankafunafuna ligi ya Junior A yamphamvu, ndipo BCHL inatchuka ngati njira yabwino koposa ku Canada. Ena mwa osewera odziwika a NHL anadutsira komweko: Brett Hull anagoletsa zigoli 105 mu sizoni imodzi ku Penticton mu 1983 mpaka 1984 asanapite ku yunivesite ya Minnesota Duluth. Paul Kariya anadutsanso ku Penticton popita ku yunivesite ya Maine. Kyle Turris anasankhidwa pa nambala 3 mu draft ya NHL ya 2007 akuchokera mu BCHL. Motero ligiyi inkadziona ngati yopikisana ndi CHL pokopa ana aluso, pamene malamulo a Hockey Canada ankaiika pansi pa CHL.

Lamulo lomwe linautsa mkangano

Dandaulo lalikulu la BCHL linali pa ana osakwana zaka 18. Malamulo a Hockey Canada sankalola mwana wa zaka 16 kapena 17 kukasewera Junior A kunja kwa chigawo chake pokhapokha makolo atasamukira komweko. Koma mwana yemweyo akasankhidwa ndi timu ya WHL, ankatha kuchoka ku Manitoba kukakhala ku Prince George kapenanso ku Portland m'dziko la America popanda chovuta. Akuluakulu a BCHL ankati: ngati mwana wosankha CHL angayende, wosankha sukulu aletsedwerenji? Ankanenanso kuti ana ena aluso, poona kuti ligi ya kwawo ndi yofooka, ankangowoloka malire kupita ku USHL, ligi ya achinyamata ya ku America, ndipo ena makolo awo ankalipira ndalama zambiri ku masukulu apadera a hockey.

Oteteza lamuloli nawo ali ndi mfundo zomveka. Mwana wa zaka 16 amakula bwino ali pafupi ndi makolo, ndipo si nzeru kuchulukitsa ana osamuka. Komanso ana aluso onse atakhamukira ku ligi imodzi yolemera, maligi a m'zigawo zazing'ono angatsale opanda kanthu, matimu a m'matawuni ang'onoang'ono n'kufa. Bungwe la dziko lili ndi udindo woyang'ana dziko lonse, kuphatikizapo madera omwe alibe ndalama. Palinso nkhawa ya ku British Columbia komweko: malo akatsegukira ana a kutali, mwana wa m'deralo adzasewera kuti?

Mkanganowu unakula pang'onopang'ono. Mu 2021 BCHL inatuluka mu CJHL, kutanthauza kuti inasiya kulimbirana Centennial Cup, koma inali ikadali pansi pa Hockey Canada. Mu 2022 inalemba chikalata chopempha kuti malamulo asinthe. Itaona kuti sizikuyenda, mu Meyi 2023 inalengeza kuti ikutuluka.

Tinene pano kuti nthawi imeneyi Hockey Canada inali pa mavuto ena aakulu. Mu 2022 zinaululika kuti bungweli linali ndi thumba la ndalama, zina zochokera ku zolembetsera za ana, lomwe linkagwiritsidwa ntchito pothetsa milandu ya nkhanza zogonana kunja kwa khoti. Boma linaimitsa thandizo lake, makampani anachotsa ndalama zawo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mkulu wa bungweli ndi bodi yonse anatula pansi udindo. Zifukwa zomwe BCHL inapereka potuluka zinali za malamulo a osewera, osati za mlanduwu, koma n'zoona kuti inatuluka pa nthawi yomwe mawu a Hockey Canada anali atachepa mphamvu pamaso pa anthu.

Mtengo wa kutuluka

Ligi yosavomerezeka imadziyimira pa chilichonse. BCHL inayenera kugula inshuwalansi yakeyake, nkhani yosachepa m'masewero omwe anthu amawombana ali pa liwiro, mano n'kuguluka, mitu n'kuvulala. Inayenera kupeza oyimbira ake, kukonza njira yake yolandirira madandaulo a nkhanza, ndi kufufuza mbiri ya akuluakulu ogwira ntchito ndi ana. Zonsezi kale zinkabwera ndi umembala.

Hockey Canada ilinso ndi chilango chake. Amene watenga nawo mbali mu ligi yosavomerezeka tsiku la 30 Sepitembala litadutsa, nthawi zambiri saloledwa kubwerera ku masewero ovomerezeka mpaka sizoniyo itatha. Apa ndi pomwe mwana wamba amapwetekera. Mnyamata akalowa timu ya BCHL, ndiye mu Novembala mphunzitsi n'kumusiya, sangangobwerera ku timu ya kwawo. Chaka chimenecho chikhoza kumuthera ali pakhomo. Woyimbira wachinyamata nayenso amayenera kusankha mbali imodzi. Osewera a BCHL anasiyanso kuyimira Canada pa mpikisano wa World Junior A Challenge.

Vuto lina linali la obwereka. Timu ikavulalitsa osewera angapo, imaitana ana a m'matimu ang'onoang'ono kuti adzathandize masewero amodzi kapena awiri. Itatuluka, BCHL sinathenso kubwereka ku matimu ovomerezeka. N'chifukwa chake zinali zofunika kwa iyo kuti Vancouver Island Junior Hockey League ituluke nayo mu 2024 n'kukhala ligi yoipatsa osewera. BC Hockey nayo sinakhale manja lende. Poona kuti chigawo chatsala chopanda Junior A yovomerezeka, mu 2023 inakweza maligi atatu omwe anali a gulu lotsika kuti atseke mpatawo.

Chomwe BCHL inapeza ndi ufulu wolemba malamulo ake. Inayamba kutenga ana a zaka 16 ndi 17 kuchokera kulikonse m'Canada, ndipo timu iliyonse inaloledwa kukhala ndi osewera awiri ochokera kunja kwa North America. Pofuna kuyankha nkhawa ya anthu a kwawo, inasunga lamulo lakuti timu iliyonse ya ku British Columbia ikhale ndi ana osachepera asanu a m'chigawocho.

Chifukwa chake chilango sichinaiphe

Tibwerere ku funso lija lakuti zatheka bwanji kuti BCHL ipitirizebe kusewera. Mu Epulo 2021, matimu 12 olemera a mpira wamiyendo ku Ulaya analengeza European Super League, ndipo pasanathe masiku atatu ambiri anali atabwerera m'mbuyo. Ochemerera anakwiya, koma UEFA ndi FIFA nawo anali ndi chikwapu chenicheni m'manja, popeza World Cup, Champions League ndi kaundula wa kugulitsana osewera zonse ndi zawo.

Mu hockey wa ku North America zinthu zili mwina. NHL ndi kampani yodziyimira payokha, siili pansi pa Hockey Canada kapena IIHF, ndipo imasankha wosewera kulikonse komwe yamuona. NCAA nayo ndi bungwe la mayunivesite, silifunsa ngati ligi yomwe mwana wachokera ili ndi chidindo cha Hockey Canada. Zinthu ziwiri zomwe mnyamata wa BCHL amazilota, sikolashipu ndi draft, zili m'manja mwa anthu ena. Bola ofufuza luso azibwerabe kudzakhala m'mabwalo ndi makope awo, ligi ikhoza kukhala ndi moyo popanda chilolezo cha bungwe la dziko. Ndipo anapitirizadi kubwera.

Zomwe zinachitika ku Alberta

Mu Januwale 2024 zinamveka kuti matimu asanu a Alberta Junior Hockey League agwirizana zolowa BCHL sizoni yotsatira: Brooks Bandits, Blackfalds Bulldogs, Okotoks Oilers, Sherwood Park Crusaders ndi Spruce Grove Saints. Brooks sinali timu wamba. Inatenga chikho cha dziko lonse cha Junior A mu 2013, 2019, 2022 ndi 2023, ndipo ndi komwe kunachokera Cale Makar, yemwe Colorado Avalanche inamusankha pa nambala 4 mu 2017 ndipo lero ndi mmodzi mwa otchinga kumbuyo abwino koposa mu NHL.

Ligi ya ku Alberta inayankha pofafaniza masewero a matimu asanuwa ndi matimu ena otsala. Pa 1 Febuluwale asanuwo analowa BCHL nthawi yomweyo, n'kumaliza sizoni akusewera okhaokha. Ligi yomwe inali ndi matimu 16 inatsala ndi 11. Anyamata a mbali zonse ziwiri, ena ali m'chaka chawo chomaliza cha junior, anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndandanda ya masewero yomwe ankadalira kuti aonekere kwa ofufuza luso yasintha, pa zokambirana zomwe iwo sanakhalepo.

Sikuti onse ankalowera mbali imodzi. Chaka chomwecho Merritt Centennials, imodzi mwa matimu akale a BCHL ya m'tawuni yaing'ono, inatuluka n'kukalowa ligi yovomerezeka ya KIJHL. Kuyenda maulendo ataliatali ndi kupikisana ndi matimu olemera kumafuna thumba lomwe si tawuni iliyonse ili nalo.

Si koyamba

Chodabwitsa n'chakuti WHL yomwe, imene lero ili pakati penipeni pa dongosolo lovomerezeka, inabadwa mwa njira yomweyi. Mu 1966 Bill Hunter wa Edmonton Oil Kings ndi anzake anayambitsa ligi yatsopano ya kumadzulo. Bungwe la dziko la nthawi imeneyo, CAHA, linaitcha ligi yachigawenga n'kuiletsa kulimbirana Memorial Cup. Anakokanakokana kwa zaka zingapo mpaka anagwirizana mu 1970, chaka chomwe hockey wa achinyamata anagawidwa pawiri. Ku America nako, ligi ya NCDC inayamba mu 2017 popanda chilolezo cha USA Hockey bungwelo litakana pempho lake, ndipo ku Ontario kuli GMHL yomwe yakhala yodziyimira payokha kuyambira 2006.

Maligi odziyimira sali ofanana. Ena ali ndi ndalama ndi dongosolo, ena amadalira ndalama zomwe makolo amalipira kuti mwana asewere, ndipo palibe wapamwamba wowayang'anira. Kholo likamva kuti ligi ndi yodziyimira, mafunso ake amakhala akuti inshuwalansi ikuteteza chiyani, mwana akachitiridwa nkhanza akadandaula kwa yani, ndipo akasiyidwa pakati pa sizoni apita kuti.

Lamulo la NCAA litasintha

Mu Ogasiti 2024, mnyamata wina wa ku Ontario anasumira NCAA ndi mayunivesite angapo kukhoti la ku New York. Iye anali atasewera masewero awiri okha opimana mphamvu ndi Windsor Spitfires ya OHL ali ndi zaka 16, ndipo zimenezo zinamutsekera khomo la yunivesite. Mlanduwo unkati lamuloli likuphwanya malamulo a America oletsa kutsekereza mpikisano. Nthawiyi n'kuti NCAA italola kale ophunzira kupeza ndalama kudzera m'mayina ndi zithunzi zawo kuyambira 2021, choncho kukana mwana chifukwa cha kandalama ka m'thumba kunali kovuta kukuteteza. Pa 7 Novembala 2024, NCAA inavota kuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2025 osewera a CHL aziloledwa m'gawo lake lapamwamba.

Mphanda ija inatha tsiku limenelo. Mwana akhoza tsopano kusewera WHL pa zaka 16 ndi 17, kenako n'kupita ku yunivesite ya ku America. Gavin McKenna, mnyamata wa ku Yukon yemwe ankaonedwa ngati waluso koposa pa msinkhu wake, anachita zomwezo mu 2025 pochoka ku Medicine Hat Tigers kupita ku Penn State.

Kwa BCHL nkhaniyi inali yowawa. Chomwe chinkakopa ana aluso kwambiri chinali chakuti kumeneko sataya mwayi wa sukulu, ndipo chimenecho chinachokera ku lamulo la bungwe la dziko lina lomwe BCHL inalibe nalo mawu. Masabata otsatira, osewera ambiri anachoka pakati pa sizoni kupita ku matimu a CHL. Kenako Penticton Vees, timu yotchuka koposa mu ligiyi komanso ya m'tawuni imodzi mwa zinayi zomwe zinaiyambitsa, inalengeza kuti ikulowa WHL kuyambira sizoni ya 2025 mpaka 2026, kutanthauza kubwerera m'dongosolo lovomerezeka. WHL inalengezanso kuti ikufuna kuika timu ku Chilliwack, tawuni ina yomwe BCHL ili ndi ochemerera ambiri.

CHL nayo sinangopindula. Kale inkasunga nyenyezi zake mpaka zaka 19 kapena 20, pano ena amachoka pa zaka 18 kupita ku mayunivesite omwe ali ndi mabwalo apamwamba komanso ndalama. Mayunivesite a ku Canada, omwe ankalandira anyamata omaliza CHL, akupikisana tsopano ndi a ku America pa anyamata omwewo. Ndipo malo a m'matimu a NCAA sanachuluke, choncho mnyamata wa Junior A yemwe kale akanapeza sikolashipu akulimbirana malowo ndi anzake ochokera ku CHL.

BCHL inalowa sizoni ya 2025 mpaka 2026 ndi matimu 20, ikadali kunja kwa Hockey Canada. Ntchito yake ikuoneka kuti ikusunthira kwa anyamata okhwima mochedwa, amene CHL sinawasankhe kapena yawasiya, ndi a zaka 19 ndi 20 amene akufuna chaka china chokonzekera asanalowe yunivesite.